Anthu Amene Lezina Sanawajambule

Senderani chakuno, utsi ukulowera uko. Nkhuni za painizi zimathetheka, ndiye samalani zitenje. Imene ndikuuzeniyi ndi ya Lezina Kamtedza, mphunzitsi wa zojambulajambula, ndi zimene zinamuonekera chaka chimene anabwerako ku Japan.

Lezina analeredwa ndi azakhali ake, a Nangondo, kumunsi kwa phiri lina la ku Dedza, kumene nkhungu imatsika mpaka kudzakhala pakhonde. A Nangondo anali telala. Ukamadutsa pamsewu, nyumba usanaione, unkayamba wamva makina awo osokera akulira, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anali mayi wosabisa mawu. Wobwera ndi nsalu yochepa n'kumafuna diresi lalikulu ankauzidwa pamaso pomwepo, ndipo nkhani za mizimu iwo ankati ndi za anthu amene manja awo alibe ntchito.

Mwayi wa ku Japan unamupeza Lezina ali ndi zaka makumi atatu ndi zinayi. Anakakhalako miyezi isanu ndi umodzi, m'mudzi wa kumapiri, kwa mayi wina dzina lake Morishita, amene ankapanga mapepala pamanja. Pepala limenelo kwawoko amalitcha washi. Amasenda khungwa lam'kati la mtengo wofanana ndi mabulosi, kuliphika, kulimenya mpaka litafewa, kenako n'kulisungunula m'madzi ozizira n'kumalitunga ndi sefa ya nsungwi. Likauma limapepuka ngati khoko la anyezi, koma kuti uling'ambe pamafunika mphamvu. Inki yake nayo si ya m'botolo. Ndi kachidutswa kakuda kolimba ngati fupa, kopangidwa ndi mwaye wa paini ndi ulimbo wa zikopa. Umakapera pamwala wosalala uku ukudonthezera madzi, mpaka madziwo atada bii.

Pobwerera kumudzi, Lezina ananyamula mapepala makumi awiri, lililonse lotalika ngati chitseko, kachidutswa ka inki kamodzi, mwala wake, ndi maburashi atatu. Mayi Chavula, amene ankayang'anira nyumba ina yoonetsera zaluso ku Lilongwe, anali atamulonjeza chipupa chonse mwezi wa Ogasiti, zithunzi khumi ndi ziwiri. Kwa munthu amene anatha zaka khumi akuphunzitsa ana kujambula makapu ndi mabotolo, umenewu unali mwayi wosabwera kawiri.

Sukulu itatsekera, anasesa chipinda chakumbuyo chimene kale ankasungiramo mbatata ya kachewere, n'kumanga chingwe kuchokera pazenera kukafika pachitseko, choyanikapo mapepala.

Vuto linali madzi. A pamjigo anali ndi kamchere, ndipo inki ikakumana nawo inkaundana ngati chambiko. Anaononga mapepala atatu. A Nangondo anasuzumira pakhomo, tepi ili m'khosi, n'kuyang'ana mabanga aja.

"Ndiye ndege yonse ija unakwerera kukaphunzira kudetsa madzi?"

"Madzi ake si amenewa, azakhali. Pamafunika a pakasupe, opanda mchere."

"Phiri lonseli ndi akasupe okhaokha. Miyendo uli nayo."

M'mawa mwake Lezina anatenga chigubu n'kulowa m'nkhalango ya paini ya kumtunda kwa mudzi. Paini amadzala m'mizere, ndipo pansi pake sipamera kanthu. Umangoponda masamba ake ouma onga singano, mapazi ako omwe osawamva. Atakwera ndithu, anafika pamalo pamene mizere ija inasokonekera. Panali mitengo inayi ya mapichesi, yokalamba, yokutidwa ndi ndere, ndipo pafupi pake mphero yosweka pakati inali itamira theka m'dothi. Anadziwa kuti pamenepa panali mudzi kale, paini asanadzale. Kuseri kwa mapichesiwo madzi ankatuluka pakati pa miyala iwiri n'kudikha m'kadziwe kakang'ono. Anali oyera moti mchenga wa pansi unkatha kuuwerenga. Atawagwira, zala zinachita dzanzi.

Akumanga chigubu mpamene anazindikira kuti pamalopo panalibe mbalame. Sikuti zinathawa iye atafika ayi. Panangoti zii, ngati m'tchalitchi Lolemba.

Madziwo anagwirizana ndi inki ngati anabadwira limodzi. Ikagwa papepala inkayenda yokha, kuda apa, kutuwa apo, n'kukathera m'kuyera malire osaoneka. Lezina anajambula phiri lili m'nkhungu. Silinali phiri loti ungalitchule dzina, kunali kulemera kwake kokha, ndi mizere ya mitengo ikusowera m'mwamba. Anthu sankajambula. Chiyambire nkhope zinkamukanika, ndipo anali atazileka kalekale.

Kutacha, atapita kukaona ngati pepala lauma, anapeza kabanga kotuwa m'munsi mwake, chakumanzere, kotalika ngati chala. Atasendera pafupi anaona kuti ndi inki chabe, yoyenderera. Atabwerera m'mbuyo mapazi atatu, kabangako kanali munthu. Anaima patali m'nkhungumo, atafulatira, mapewa atagwa ngati wochokera ulendo wautali.

Lezina anaseka yekha. Inki imatero nthawi zina. Anajambula chithunzicho pafoni n'kutumizira mayi Chavula, ndipo posakhalitsa foni inalira.

"A Lezina, kamunthu aka! Ndi kamene kapereka moyo ku chithunzi chonse. Paja munkati simujambula anthu?"

"Kangobwera kokha, mayi."

"Kasiyeni kazibwera. Zonsezo zikhale zotere."

Pachithunzi chachiwiri anabwera awiri. Pachitatu asanu, mmodzi wamfupi ngati mwana, atagwira chitenje cha wamkulu. Onse ofulatira. Lezina ankajambula phiri lokha n'kuyanika, koma akamadzalowanso ankapeza anthu ali pamenepo. Tsiku lina anakhala pampando kuti pepala liume iye akuona. Linauma lopanda munthu. Anatuluka kukathira tiyi, pobwera anapeza atatu.

A Nangondo analowa tsiku limenelo kudzafuna choko chawo chimene chinali chitasowa. Anaima kutsogolo kwa chingwe, manja ali m'chiuno.

"Anthu akowa bwanji ukuwaveka nsanza? Taona uyu. Jekete lonseli lopanda batani ndi limodzi lomwe."

Lezina anayang'ana pamene chala chinaloza. Iye ankangoona kutuwa, kopanda jekete, kopanda batani.

"Mukuliona jekete pamenepa, azakhali?"

"Nanga ndine wakhungu? Wajambula wekha n'kumandifunsanso ine."

Choko sichinapezeke. Patapita masiku awiri kunasowanso kachitini ka mabatani kamene kankakhala pawindo zaka zonse. A Nangondo ananamizira ana a m'mudzi, ngakhale panalibe mwana amene analowapo m'nyumbamo. Kuchipinda chakumbuyo nako kunali tinthu take. Mwala woperera inki Lezina ankautsuka madzulo alionse n'kuuvundikira pathebulo, koma m'mawa ankaupeza uli chagada, pakati pake pali chinyezi. Burashi yaing'ono inasowa, n'kudzapezeka pansi pa chingwe, ubweya wake uli wonyowa.

Tsiku lina masana, awiriwo akudya mbatata pakhonde lakuseri, kumaso kwa nyumba kunamveka "Odi," motsitsa, mwaulemu.

"Lowani!" anakuwa a Nangondo, m'kamwa muli mbatata.

Anadikira. Palibe anatulukira. Lezina anazungulira nyumba n'kupeza pabwalo pali nkhuku zokha, nazonso zitaima duu, mitu ili m'mwamba. Pobwerera anamva phokoso lochokera m'chipinda chake: kwee, kwee, kwee, mmene umamvekera mwala munthu akamapera inki mosafulumira. Atatsegula chitseko munalibe munthu. Zenera linali lotseka, koma mapepala onse pachingwe ankagwedezeka, ngati wina wangodutsa kumene pakati pawo.

Madzi m'chigubu nawo ankatha msanga. Koma zimenezi zokha mutu wake unapezeka.

"Ndine," anatero a Nangondo, osachotsa maso pamakina. "Ndimaphikira tiyi. Bwanji, nawonso unachokera nawo ku Japan? Madzi ozuna chonchi uziwathera pa makala akowo? Chibadwire sindinamwepo otere."

Lezina sanaonepo cholakwika. Anangoyamba kupita kukasupe kawiri pa sabata. Tsiku lina anakumana ndi mayi Gwaza, a nyumba yoyandikana nayo, akuchokera kotola nkhuni, ndipo anawafunsa za mapichesi aja.

"Mumafika kumeneko?" anatero mayi Gwaza, n'kusuntha mtolo pamutu. "Ife kumeneko sititola nkhuni."

"Chifukwa?"

"Kaya. Amayi anga sankatolako, basi."

Paulendo wotsatira, akutsika ndi chigubu pamutu, dzuwa litakwera kale koma nkhungu isanachoke, anapeza bambo wina ataima m'mbali mwa njira, pakati pa mizere ya paini. Anavala jekete lakale lalikulu, lopanda mabatani, kumapazi kulibe nsapato. Anaima cham'mbali, nkhope italoza kumitengo.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Tadzuka, mayi. Madziwo akupita kutali?"

"Ayi, kumunsi konkuno, kwa a Nangondo."

"Eya." Mawu a bamboyo anali ofatsa, a munthu wosafuna kuvutitsa. "Ana amene anatsogola akuti kumeneko n'koyera bwino. Akuti kuli malo."

"Ana ake ati, bambo?"

"Kuno mizu yatipanikiza, mayi. Chaka ndi chaka ikungokula. Ndiye ngati kuli malo, tibwera tonse. Zikomo potikumbukira."

Lezina anati zikomo, poti pakamwa panayankha pokha, n'kupitiriza ulendo. Atayenda pang'ono anazindikira kuti siketi yake yanyowa ndi mame mpaka m'mawondo, pamene buluku la bambo uja linali louma. Anayesa kukumbukira nkhope yake. Jekete ankalikumbukira bwino, ngakhale timaulusi tolendewera pamene panali mabatani, koma nkhope inakana. Sanacheuke. Anangomva madzi akugunda m'mbali mwa chigubu pamutu pake mpaka kukafika kunyumba.

Akanalekera pomwepo. Iye mwini ankanena choncho pambuyo pake. Koma zithunzi zinali zitakwana zisanu ndi zitatu, kutsala zinayi zokha, ndipo zinali zokongola kuposa chilichonse chimene manja ake anapangapo. Anthu tsopano anali ambiri, ndipo anali atayandikira, ena aakulu ngati chikhatho, ena atasenza mitolo. Ukaima pakati pa chipindacho unkamva ngati wafika mochedwa pamaliro, aliyense wakufulatira.

Chimene sanachizindikire msanga ndi makina. Kale ankalira mpaka dzuwa kupendeka. Kenako anayamba kulekeza masana. Kenako ola limodzi m'mawa basi. Tsiku lina Lezina anatuluka m'chipinda chake n'kumva tambala wa kwa mayi Gwaza, wailesi ya patali, mphepo m'malata, koma makina ayi. Anapeza a Nangondo atakhala pampando wawo, phazi lili pachopondera, manja ali pamiyendo, maso kuphiri.

"Azakhali, mwadwala?"

"Ayi." Yankho linachedwa kubwera. "Wamva? Akusinja kumtunda."

Lezina anatchera khutu. Sanamve kanthu.

Madzulo ake mayi wina anabwera kudzatenga yunifolomu ya mwana wake n'kuipeza isanasokedwe. Anadandaula mokweza, mpaka odutsa pamsewu anaima. A Nangondo, amene sankalola munthu kuwakwezera mawu pakhomo pawo, anangoti, "Pepani," motsitsa. Apa mpamene Lezina anagwidwa ndi mantha enieni.

Anapita nawo kuchipatala. Anawayeza malungo, magazi, shuga, zonse zili bwinobwino. Anawapatsa mapiritsi oti azilakalaka chakudya, koma chakudyacho ankangochigwira n'kuchisiya. Manja awo anali ozizira ngakhale awothe moto. Chimene ankapempha chinali chimodzi: "Tandipatsa madzi aja."

Chithunzi cha khumi ndi chimodzi Lezina anali atachiyanika m'mawa wa tsiku limene anapita kuchipatala. Atabwerako analowa kukachiona. Anthu anali tho, kuchokera m'mphepete kukafika m'mphepete. Koma pakati pawo panali mmodzi wosaima. Anakhala pansi, atawerama pang'ono, phazi limodzi lili patsogolo. Duku anamangira kumbali, mfundo ili pamwamba pa khutu lamanzere. M'mudzi monsemo munali munthu mmodzi yekha womanga duku motero.

Anali wotuwa kwambiri, ngati mpweya wa m'kamwa pagalasi. Kutacha anali ataderako. Tsiku linalo makwinya a duku ankaoneka bwinobwino, ndipo a Nangondo sanadzukenso pabedi.

Lezina anataya madzi otsala kuseri kwa nyumba n'kuyesa kuwamwetsa a pamjigo. Ankalavula. Foni inalira. Anali mayi Chavula, kunena kuti galimoto ibwera Lachisanu kudzatenga zithunzi, alendo aitanidwa kale, ndipo dzina lake lalembedwa pachikwangwani cha pakhomo. Lezina anati, "Chabwino, mayi," n'kukhala pansi pakhonde, foni ili m'manja.

Anaganiza zodula. Anatenga sizasi ya azakhali ake kuti achotse kachigawo kokhako, chotsalacho achimate, ntchito ipulumuke. Sizasi itangokhudza m'mphepete mwa pepala, kuchipinda kwa odwala kunamveka kubuula, kamodzi kokha, motsitsa. Anaiika pansi. Za machesi sanayese n'komwe. Anangogwira bokosi n'kulibwezera pamalo pake.

Lachinayi m'mawa, akutsuka mwala, anakumbukira zimene mayi Morishita ankachita ndi mapepala olakwika. Sankawataya kapena kuwatentha. Ankawaviika m'madzi n'kuwafikisa ndi manja mpaka abwerere kukhala ulusi wa khungwa mmene analili. Koma amenewo anali mapepala oyera. Inki iyi ikauma sichoka, Lezina ankadziwa zimenezo. Komabe njira ina sanaione.

Anapempha mayi Gwaza kuti akhale ndi odwala. Anakulunga zithunzi zonse khumi ndi chimodzi, kuzimanga ndi kansalu, n'kuzisenza. Mapepala opepuka aja tsiku limenelo analemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi. Anatula katatu panjira.

Pakasupe panali monga kale, zii. Anagwada n'kuomba m'manja mmene ankaonera akuluakulu akuchitira iye ali mwana.

"Eni malo," anatero. "Ndinatunga osapempha. Sindinadziwe. Kumene ndinakutengeraniko si malo ayi, ndi pepala chabe. Likapita ku Lilongwe akalipachika pakhoma, anthu azikakuyang'anani uku akucheza. Ndakubwezani kwanu."

Anafunyulula chithunzi choyamba n'kuchigoneka pamadzi. Chinayandama pang'ono, kenako chinamira. Phiri linakhala momwemo, lakuda, losasuntha. Koma kamunthu kaja kananyamuka papepala ngati utsi, n'kukwera kumene madzi ankachokera, mpaka kulowa pakati pa miyala iwiri ija.

Anafikisa pepalalo mpaka linasanduka phala, n'kutenga lachiwiri. Pa lachitatu zala zinali zitafa dzanzi. Pa lachisanu anayamba kumva kumbuyo kwake masamba a paini akuphwanyika pansi, mofewa, phazi ndi phazi, anthu ambiri akudutsa mosafulumira. Wina anatsokomola. Kamwana kanafunsa kanthu, wamkulu n'kukaletsa. Lezina maso ali pamadzi basi. Ntchito ya masabata onse aja, ndi zaka khumi zoiyembekezera, zinkasungunuka m'manja mwake. Misozi inkatsika, koma manja sanaime.

La khumi ndi chimodzi analigoneka mosamala. Oimirira onse ananyamuka, mmodzimmodzi. Wokhala pansi uja anatsala.

Anadikira. Anagwedeza pepala m'madzi. Duku lija linangoderatu.

"Awa tawazolowera," anatero mawu ofatsa aja kumbuyo kwake, pafupi, ngati munthu waima pamwamba pa phewa lake. "Akutisokera. Zovala zathu zinatha kalekale."

"Si anu," anatero Lezina osatembenuka. Mano ankagundana. "Ndi anga. Mayi anga atamwalira ndinali ndi zaka zinayi, anandinyamula ndi iwowa. Alibe mwana wina, inenso ndilibe munthu wina. Chonde."



"Anabwera okha, mayi. Ife sitinawakoke."

"Ndinawabweretsa ndine, ndi chigubu changa. Mlandu ndi wanga."

"Ndiye atengeni nokha," anatero mawu aja. "Koma kuno n'kozizira."

Lezina anapinda mkono wa juzi n'kuika chikhatho chamanja pa azakhali ake, pansi pa madzi. Kadziweko kanali kosafika m'chigongono, koma dzanja linapitirira, kupyola pepala, kupyola mchenga, mpaka phewa linakhudza madzi. Kuzizira kwa kumeneko iye sanapezepo mawu ake. Anapapasa. Anakhudza nsalu, kenako dzanja, kenako chala chokhala ndi chipsera cha singano chimene ankachidziwa kuyambira ali mwana. Anagwira n'kukoka. Panalibe kulemera. Dzanjalo linangobwera, monyinyirika pang'ono, ngati la munthu amene wamudzutsa pantchito.

Atatulutsa mkono, m'manja munalibe kanthu. Papepala panatsala phiri lokha. Analifikisa ndi dzanja lamanzere, poti lamanja linali litakana kupinda. Mapazi aja sanawamvenso.

Pofika kunyumba dzuwa linali pamutu. Asanalowe pabwalo anamva mawu akuchokera m'kati.

"Mabulangete atatu onsewa, ndine nthochi yoti ndipse? Chotsani! Nanga Lezina ali kuti? Sizasi yanga yakafika bwanji kuchipinda kwake?"

Mayi Gwaza anatuluka akuseka, uku akupukuta misozi ndi chitenje.

Madzulo Lezina anaimbira mayi Chavula. Anati zithunzi zaonongeka ndi madzi, zomwe sizinali bodza. Mayi Chavula anangoti chipupacho apereka kwa wina, ndipo sanaimbenso. Dzanja lamanja linayambanso kupinda patatha sabata, koma kufunda silinafundenso. Ngakhale mu Okutobala, ukamupatsa moni unkachita ngati wagwira mwala wa mumtsinje. Burashi linkaigwira, koma mzere unkanjenjemera, moti anayamba kuphunzitsa lamanzere, pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade wani, pa mapepala ochepa amene anatsala, ndi madzi a mvula otchera m'beseni.

A Nangondo za kudwala kwawo sankafuna kumva. Ankati anali malungo obisala, achipatala sanawaone. Koma Loweruka lina Lezina anawapeza atayala kansalu ka maluwa achikasu pathebulo, akulembapo ndi choko chatsopano. Pepala la miyeso panalibe. Ankalemba kuchokera m'mutu, milomo ikuyenda.

"Ndi diresi la yani, azakhali? Sindinaone munthu akubwera ndi mwana."

"Sanabwere." Anadula mkono umodzi, kenako wina. "Kamtsikana kena. Zaka zisanu mwina. Phewa limodzi n'lotsikirako. Ndinali nditakayeza kale, iwe n'kudzandikoka. Ine chiyambire sindinasiyepo ntchito ya munthu panjira."

Lezina anakoka mpando n'kukhala pansi, kuwaonerera akusoka. A Nangondo anaika kolala yoyera, matumba awiri, ndi mpendero waukulu wopindira m'kati, monga ankachitira ndi zovala zonse za ana kuti akamakula uzingomasula. Atafika pampenderopo phazi linaima pachopondera. Anauyang'ana kanthawi, kenako anausoka momwemo.

"Ukalisiye pamene payambira paini," anatero akulisita. "Usalowe m'kati. Wamva? Ukangolipachika panthambi uzibwerako."

Lezina anapita dzuwa likuswa mtengo. Anapachika diresilo panthambi ya mtengo woyamba. Mphepo kunalibe. Atatembenuka n'kuyenda pang'ono, anamva nthambi ija ikugwedezeka, mmene imachitira ikapepukidwa. Sanacheuke.

Kunyumba anapeza a Nangondo akulowetsa ulusi m'singano, diso limodzi atatsinzina.

"Lamukwana?"

"Sindinaone, azakhali."

"Lamukwana," anatero a Nangondo, n'kuluma ulusi. "Ine muyeso sindiphonya."